Matayala Anayi a Zione

Thamesmead,
Lachisanu masana.

Zione,

Kalatayi ndi makiyi ndisiya kwa mayi a fulati yoyandikana nafe. Iwo anamva zonse dzulo kudzera pakhoma, ndiye sindivutika kuwafotokozera. Anamva kuti ndinatenga galimoto yako osakupempha, kuti ndinakaisintha matayala ku Peckham, ndiponso kuti m'nyumba muno simupumika. Anamvanso kulira kwa kiyi wa nyumba pamene unamuchotsa pamphete n'kumuponya patebulo. Galimoto ndakubwezera, ili pamalo pake pansipo. Matayala ndiwo sindichotsa, ndipo kalatayi ndi ya matayalawo.

Ndikulemba pakati pa maulendo anga osamalira okalamba, a m'mawa ndi a madzulo, yunifolomu ili m'thupi. Iwe uli ku Ilford kwa mnzako kumene unathawira. Mawa ukabwera kudzapakira katundu sundipeza, ndili pashifiti. Ndinaipempha ndekha. Ine si mayi woima pawindo n'kumakupiza dzanja galimoto ikukhota pangodya. Ndalembanso m'Chichewa dala. Chingerezi umachiwerenga ndi diso limodzi, lina lili pafoni. Ichi uchiwerenga pang'onopang'ono, milomo ikugwedera ngati mmene unkachitira ku Sande sukulu, ndipo mwina china chilowa.

Unati ndakuchititsa manyazi, namwino wathunthu wa digiri, amake akumubera galimoto ngati mwana. Unati matayala achisanuwa amalira pamsewu, palibe mnzako ali nawo, ndipo ukangofika ku Scotland ukawachotsetsa. Tamvera. Ntchito wapezayo si ya m'wodi momwe muli mahita ndi pansi pouma. Uziyenda nyumba ndi nyumba m'midzi ya kumapiri kuseri kwa Inverness, kumanga mabala a okalamba ndi kuwabaya jakisoni. Ndinakaiona misewuyo pamapu ku laibulale. Ndi timizere toonda, topotana ngati matumbo a nkhuku. Ntchito yoyenda nyumba ndi nyumba ndiyo yakulera iwe, ndipo pa nkhani imeneyi yokha undimvere.

Ndiyambe ndi bambo ako, popeza zolakwa zambiri za m'banja muno zinayamba ndi iwo. Chaka chathu choyamba m'dziko muno, iwe usanayambe sukulu, tinkakhala m'chipinda chimodzi ku Ilford. Chipale chitagwa, bambo ako anatuluka atavala jekete ziwiri, nagwada pansi, n'kuyamba kuphwetsa matayala. Anati ndi mmene amalume awo ankachitira lole ikatitimira mumchenga ku Nkhotakota. Atatero anaponda moto mpaka pansi. Galimoto inavina pamalo amodzi, kenako inayenda cham'mbali ngati nkhanu mpaka inakakumbatira mabini a eninyumba. Sabata yotsatira anabwera ndi matayala a mano akuluakulu, ngati a mapikapu a ku esiteti za fodya. Anati amenewa ndiwo a msewu woipa. Ndinawauza kuti ayezi si matope. Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Mayi a Zione, amene ali ndi digiri m'nyumba muno ndani?" Ine ndinasiya sayansi chaka chachitatu ku Zomba kuti iwo amalize zawo, koma zimene ndinaphunzira sizinatuluke ndi mkaka wa m'mawere. Matayala awo okongolawo anaterereka kuposa oyamba aja. Lero bambo akowo ali ku Leicester ndi mkazi amene sawayankha, ndipo ndikhulupirira akuphwetsabe matayala.

Tsono gwira ichi, Zione: ayezi si matope. Matope amafuna mano aakulu okumba mpaka apeze pouma. Ayezi sakumbika. Chimene chimamugwira ndi labala wofewa. Labala wa tayala wamba akazizidwa amauma gwa, ngati sopo wakale, ndipo amangotsetsereka pamwamba ngakhale msewu uli wongonyowa. Wa tayala lachisanu amakhalabe wofewa. Usanakweze mawu mawa, gwada uone amene ndakuikirawo. Pa dzino lililonse pali timing'alu tating'ono ngati todulidwa ndi lezala. Timeneto ndi timene timaluma msewu. M'mbali mwake muli chithunzi cha phiri la nsonga zitatu, m'kati mwa phirilo muli kanyenyezi ka chipale. Tsiku lina ukadzagula wekha, funa phirilo. Wina akadzakuonetsa tayala longolembedwa M ndi S n'kumati ndi chimodzimodzi, muuze kuti amako anati ayi.

Usaganize kuti ine sindinaphophonyepo. Bambo ako atapita, ife titasamukira kuno kopanda sitima, ndinagula galimoto kuti ndizifikira makasitomala anga nthawi yake. Kuzizira kutayandikira ndinapita kwa munthu wina wogulitsa matayala ogwiritsidwa kale ntchito pansi pa mlatho wa sitima. Ife a ku Malawi kaunjika timamukhulupirira. Jekete la kaunjika limafunda, nsapato ya kaunjika imatha zaka, ndiye ndinati tayala lingasiyane pati. Ndinapeza achisanu enieni ochokera kunja, mano ali bwinobwino, ndipo ndinabwerera kuno ndikudzitama mumtima. M'mawa woyamba wa ayezi ndinaponda buleki pa mphambano ya ku Abbey Wood, galimoto inangopitirira ngati sinamve. Mwayi wake kunalibe wodutsa. Nditawakanda ndi chikhadabo ndinapeza labala wouma ngati chikopa cha ng'oma. Tayala limakalamba ngakhale lisakuyenda. M'mbali mwa tayala muli kabwalo kokhala ndi manambala anayi, ndipo awiri omalizawo ndi chaka chimene linapangidwa. Uziwerenga pamenepo, osati nkhope ya wogulitsa. Zovala gula za kaunjika, sindikuletsa, ndi zimene unakulira. Matayala achisanu ayi.

Chaka chotsatira ndinagula atsopano, koma awiri okha. Mnyamata wa pagalaja anati galimoto yanga imakokera kutsogolo, ndiye akumbuyo angotsatira. Zinamveka zanzeru, ndipo ndinavomera ngakhale kumtima ndinkadziwa kuti galimoto ili ndi miyendo inayi. M'mawa wina, nditangokutsitsa kusukulu, ndinalowa raundabauti yaikulu ija ya pafupi ndi mashopu. Kutsogolo kunagwira msewu bwino lomwe. Kumbuyo kunati ine ndipita kwanga. Dziko linazungulira, ndipo nditaima ndinali maso ndi maso ndi basi yofiira. Dalaivala anangokweza manja onse m'mwamba. Anthu a pamwamba pa basi ankandiyang'ana pansi ngati akuonera filimu. Ndinaika dzanja pampando wako kuti ndidzigwire, ndipo unali udakali wofunda. Sindinakuuze chifukwa sinali nkhani ya mwana.

Anayi, Zione, osati awiri. Awiri ndi oopsa kuposa kukhala opanda, chifukwa kutsogolo kumakunamiza kuti zonse zili bwino. Lina likadzaphulika kumeneko, usalole wina akuikire lawamba pambali pa achisanu n'kukuuza kuti palibe kanthu. Dikira lofanana nalo, la saizi yomweyo yolembedwa m'mbalimo. Anayi. Wamva?

Zitachitika za raundabauti zija ndinapsa mtima n'kuwachotsa onse. Ndinati London safuna zimenezi, ndipo kwa zaka zambiri ndinali wolondola. Kuno misewu amaithira mchere, chipale chimagwa m'mawa, pofika masana ndi phala lakuda. Kenako kunabwera Febuluwale wa chaka chino. Ukukumbukira, mabasi sanatuluke, iwe unali kunja ndi anzako mukugendana ndi chipale ngati ana. Ine ndinali ndi kasitomala wondidikira, bambo wina wokalamba pamwamba pa phiri ku Plumstead, mzungu wokhala yekha, wamwano ngati ine, ndipo tinkagwirizana chifukwa cha chomwecho. Sankatha kudzuka pabedi okha. Galimoto inafika patsinde pa phiri n'kuyamba kupalasa pamodzimodzi ngati nkhuku. Ndinayesa kutsogolo, ndinayesa kumbuyo, ndinatukwana m'zilankhulo ziwiri. Ndinaisiya pomwepo, ndinamanga majumbo kunsapato, n'kuyamba kukwera wapansi, kugwa ndi kudzuka. Ndinayenera kufika kukacha. Ndinafika dzuwa lili pamutu, likanakhala kuti linalipo.

Ndinawapeza pansi, pakati pa bedi ndi chitseko. Anayesa kupita okha kukayatsa hita. Miyendo inali yozizira ngati chitsulo.

"Wachedwa, mkazi iwe," anatero. "Tiyi wanga ali kuti?"

"Mukanafa ndikanapuma," ndinatero, ndikuwafunditsa mabulangete onse a m'nyumbamo ndi jasi yanga pamwamba.

"Kufa n'kukusiyira mtendere? Iwala."

Anaseka, koma mano ankagundana. Ambulansi nayonso inavutika ndi phiri lomwelo. Kuchoka kuchipatala anawapititsa kunyumba yosungirako okalamba kutali, ndipo kwawo sanabwererenso. Ndimadutsapo, makatani ndi ena. Anali munthu yekhayo mu London muno amene ankandifunsa kuti ku Zomba ndinkawerenga chiyani, n'kudikira yankho. Kutchalitchi amandifunsa za iwe. Kuntchito amandifunsa ngati ndingatenge shifiti ina.

Kumene ukupitako, phiri ngati limenelo ndi msewu wa tsiku ndi tsiku, ndipo chisanu chake sichichoka masana. Kumapeto kwa kamsewu kalikonse kuli munthu akumvetsera ngati kukubwera galimoto. Matayalawo si ako wekha. Ukanakhala kuti ukutsala muno mu London sindikanakhudza makiyi ako. Tayala amasankhira msewu umene munthu aziyenda, osati umene anzake akuyenda. Anzako amene alibe matayala oterewa amayenda kuchokera ku Ilford kupita ku Stratford, pakati pa mabasi otenthetsa phula. Iwe uzituluka m'mawa wothira mchere asanadzuke, ndipo timisewu ta kumafamu sathira n'komwe. Ukafika, funsa anamwino akale a kumeneko kuti ndi misewu iti imathiridwa mchere, ndi iti imaundana pamthunzi ngakhale kunja kukuwala. Akakuuza za matcheni, mvera, iwo akudziwa mapiri awo. Koma wina asakugulitse matayala a misomali. Amenewo ndi a mayiko kumene msewu umakhala ayezi yekhayekha miyezi yonse. Iwe uziyenda pa phula lonyowa lero, pa chipale mawa, pa ayezi mkucha, ndipo amene ndakusankhirawo ndi a moyo woterowo.

Sanapezeke mophweka, ngati ukuganiza kuti ndinangodzuka ndi misala Lachinayi. Ndinayamba kuwasaka tsiku limene kalata yako ya ntchito inabwera. Ndinapita kwa a Tembo, Mzambiya uja wa galaja ku Peckham amene ankakupatsa maswiti uli wamng'ono. Atamva zimene ndikufuna anatuluka pansi pa galimoto n'kukhala pansi.

"Amai Zione, ma winta? Muno mu London? Mwapeza nchito ku Russia manje?"

"Sindinabwere kudzaphunzira mapu, a Tembo. Anayi, a chizindikiro cha phiri, saizi ndi iyi."

"Ni vovuta kupeza, nizachita kuitanisa ku Germany. Tengani yabili chabe. Kamotoka kang'ono aka, kazakwana."

"Awiri mukaike pa wilibala yanu."

Anaseka mpaka anyamata awo anabwera kudzaona. Koma anaitanitsa, ndipo atafika anandiimbira. Dzulo m'mawa, iwe uli m'tulo, ndinatenga makiyi. Ndikanakupempha ukanakana, ndipo tikanakangana nkhani yomweyi galimoto ili ndi matayala akale. Bola takangana ili ndi atsopano. Atamaliza kuika, a Tembo analoza ako akale aja.

"Aya nitaye?"

"Ikani m'galimoto."

"Muzayasunga kuti, mu flati? Amai, ku Scotland magalaji yaliko. Kukayamba kupya mwana azagula yenangu kwamene kuja."

"Mangani manati, a Tembo."

 Anawakulunga m'mapulasitiki okha, osatuma anyamata.

Zina ndi zazing'ono, koma ndizinena chifukwa palibe wina akuuze. Imbira a inshuwalansi uwadziwitse kuti wasintha matayala, anthu amenewo amasaka pothawira. Mpweya uziuyeza m'mawa galimoto isanayende, chifukwa kukazizira umatsika wokha, ndipo uzipopa, osaphwetsa, ndiwe mwana wa bambo ako koma usachite kuonetsa. Poterera nyamuka ndi giya yachiwiri. Buleki uziponda ngati pansi pake pagona khanda. Ukaona msewu ukunyezimira koma matayala asiya kulira madzi, ameneyo ndi ayezi, chotsa phazi pamoto, usagwedeze chiwongolero. Galasi likaundana usalithire madzi otentha, ndinaswapo limodzi. Mano akayamba kutha usadikire kuti afike pamlingo wa lamulo, pachipale tayala lotha theka latha kale. Bulangete lofiira ndaika kubuti ndi fosholo yaing'ono, usazitulutse kuti upezere malo nsapato. Ndipo usadzione ngati mfumu ya msewu. Matayala amenewa samuletsa ayezi kukhala ayezi, amangokupatsa mpata woima.

Za m'nyumba mosapumika ndamva. Pakamwa panga ndimapadziwa, sindikufuna wondiuza. Ndi pakamwa pomwepa pamene panatipezera fulati ino, pamene panaimitsa aphunzitsi ako aja ankafuna kukuika m'kalasi ya otsalira chifukwa unkalankhula mochedwa. Sipanaphunzire kutseka ntchito itatha, basi. Iwe wamaliza chimene ine ndinasiya panjira. Tsiku la gauni lija ndinakuuza kuti chipewa chapendekeka. Chinapendekekadi. Panali zina zimene ndinafuna kunena, koma ngakhale pano sindiyesa kuzitulutsa, ndingaziwononge. Pita ukapume. Sindikupempha kuti uziimba tsiku lililonse. Foni yanga imalira kale mokwanira, nthawi zonse ndi ofesi.

Chatsala chimodzi, ndipo ichi ndicho a Tembo akanaiwala kukuuza ukanakhalapo. Matayala achisanu si a chaka chonse. Kukayamba kufunda, usana ndi usiku kukamapitirira madigiri seveni, labala wofewa uja amanyenyeka msanga pa phula lotentha, ndipo galimoto imachedwa kuima. Kuno zimayamba maluwa achikasu aja akatuluka m'mbali mwa msewu. Kwanuko zichedwerapo, mwina cha ku Pasaka. Nthawi imeneyo ikakwana ayenera kuchoka, abwererepo achilimwe.

Achilimwe akowo ali m'chipinda mwako. Lifiti inafanso, ndiye ndinawagubuduza pamasitepe limodzilimodzi, anyamata a pansi aja akundionerera osathandiza. Ndawatsuka m'bafa. Ndawaimika kukhoma, kutali ndi hita ndi dzuwa la pawindo, ndipo lililonse ndalilemba ndi choko kuti linali mwendo uti. Ndi abwino, mano adakali ambiri. Mawa usayese kuwatenga, ndayeza kale, ndi mabokosi akowo sakwana. Tayala loimika limafuna kulitembenuza mwezi ndi mwezi kuti lisaphwatalale mbali imodzi. Ndizichita zimenezo. Ndi ntchito yochepa, koma ndi chifukwa cholowera m'chipindamo. Fungo la labala lafika kale mpaka kukhitchini kuno. Ndinati nditseke chitseko, kenako ndinachisiya. Likununkha ngati m'nyumba muli munthu wina amene ali ndi zochita zake.

Ukhoza kugula ena komweko. A Tembo ananena, ndipo ine si chitsiru, ndinkadziwa asananene. Magalaji aliko, malipiro uli nawo, sudzafunika kuyenda tsiku lathunthu chifukwa cha matayala anayi. Ukasankha zimenezo sindidzakuimbira kukufunsa, umandidziwa. Ndidzangowatembenuza mpaka manambala a m'kabwalo aja adzanene kuti akalamba, kenako ndidzawagubuduzanso pamasitepe.

Kiyi wa nyumba ndamubwezera pamphete, pamodzi ndi wa galimoto amene unamusiyanso potuluka. Ndafinya mpheteyo ndi pulayala, ndiye kuti umuchotsenso uthyola chikhadabo. Mawa utsegula naye. Ukamaliza kupakira uzimitse magetsi a m'bafa, umawaiwala. Utseke chitseko kawiri. Kiyiyo usamusiye kwa aneba, usamuponye pa kabowo ka makalata kuti ndidzamupeze pansi ndikabwera madzulo. Ndikatsegula, pamenepo ndi pamene ndiyambe kuyang'ana.

Giya yachiwiri paphiri. Anayi, osati awiri.

Ndine amako, ufune usafune.